Tambala amene sanalowe pageti

Nkhani ya alipaka anaiyambitsa ndi mwana wanga wamkazi. Anamva kusukulu kuti m'tsinde mwa phiri, kupitirira Thuchila, mayi wina akuweta nyama zachilendo za khosi lalitali ndi ubweya wambiri, ndipo anthu amaloledwa kukaziona. Atawaonetsa agogo ake, Bambo anga ondibereka, chithunzi pafoni, iwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Imeneyi ndi nkhosa kapena ngamila? Ndisanafe ndikaione ndi maso angawa."

Bambo anathyola tiyi moyo wawo wonse, ndipo anali asanandipemphepo kuti ndiwatengere kokayenda. Ndiye ndinati Loweruka tipita.

Titafika ku Milonde kukawatenga, ndinawapeza atavala jekete lawo lakutchalitchi, tambala wofiira ali m'khwapa, miyendo yomanga ndi luzi.

"Nanga uyu akupita kuti, Bambo?"

"Kwa eni ake a nkhosazo. Pakhomo pa munthu sufika chimanjamanja."

Ndinawauza kuti kumeneko si kuchibale, n'kolipira pageti basi. Anangoti eya, n'kukwera galimoto ndi tambala wawo. Njira yonse tambala akuphupha, amuna anga akuseka chamumtima, ine mtima ukuwira.

Pageti panali magalimoto a ku Blantyre, ndipo mwatsoka panalinso mnzanga wina wa kuntchito ndi banja lake. Bambo anavula chipewa, nati "Odi!" mokweza, n'kuyamba kumulonjera mlonda m'Chilomwe, uku akumupatsira tambala ndi manja awiri.

"Pepani agogo," anatero mlondayo, "chiweto chakunja sichilowa muno. Amaopa matenda."

Munthuyo analankhula mwaulemu, ndipo ndikhulupirira akanatisungira tambalayo mpaka titatuluka. Koma ine pakamwa panga sipachedwa, aliyense kwathu amadziwa. Nditaona mnzanga uja akumwetulira, ndinaphulika.

"Ndinakuuzani ine! Kulikonse mpaka nkhuku? Chimidzi chanuchi mukundichititsa nacho manyazi!"

Bambo anavala chipewa chawo pang'onopang'ono.

"Lowani, amayi," anatero. "Ine ndikhala kuno ndi mlendo mnzangayu."

Chibadwire anali asananditchulepo amayi. Anakakhala pamwala pansi pa mtengo wa mango, tambala ali pamiyendo. Ndinalowa, poganiza kuti mtima ukatsika anditsatira.

Alipakazo zinalipo zisanu. Ana anazidyetsa udzu pamanja, ina inalavulira amuna anga pamalaya, anthu n'kufa nazo nseko. Ine maso anali kugeti. Pobwerera kukawatenga sipanali patali, mwina ngati kuchoka pakhonde kufika pachitsime. Sindinabwerere. Ndinkati akandiona ndikuwanyengerera, mnzanga uja akanena chiyani kuofesi? Ha, kunyada kwake kumeneko!

Titatuluka, mwana wanga anathamangira kwa agogo ake ndi zithunzi. Iwo anati, "Zakongola," maso ali kwina. Tambala anamusiyira mlonda, nati akadye ndi ana poti eni ake salandira.

Sindinapepese tsiku limenelo, ngakhale sabata yotsatira. Ndinkangonena kuti tidzapitanso, iwo n'kumati eya. Chaka chisanathe maso awo anachita ng'ala, ndipo lero ngakhale nditawaimika pamaso pa alipaka sangaione. Zimandipweteka kwambiri, chifukwa chinthu chimodzi chokha chimene anandipempha ndinawalanda ndine.

Koma chimene chimandiwawa koposa chinachitika patangopita mwezi kuchokera paulendowo. Bambo anabwera kwathu ku Boma kudzaona zidzukulu. Kale lonse akabwera ankangokankha geti, thumba la nandolo kapena nanazi lili paphewa, akuitana ana mayina ali panja. Tsikulo ndinawaonera pawindo ataima kunja padzuwa, m'manja mulibe kanthu. Ndinathamanga kukatsegula.

"Bwanji osalowa, Bambo?"

Anavula chipewa.

"Ndimati ndimve kaye, amayi, ngati pano achimidzi amalowa."