Chitunda cha Galimoto ya Matola

Titangoyamba kuvotera zipani zambiri, m'mudzi mwathu, m'mbali mwa msewu wafumbi wochokera ku Mitundu kupita ku Nathenje, tidaumba njerwa n'kumanga nyumba ya sikelo ya ana. Ine ndidali nditangolemba mayeso a Sitandade 8, ndipo a komiti ya sikeloyo adandiika kuti ndiziyang'anira pamalopo chifukwa sindinkakana ntchito. Kukana kumene sindinkakudziwa.

Nyumba itatha, kudabwera mayi wina wa zaumoyo wochokera ku boma kudzaiyendera. Popanda chikalata chawo, namwino sakadatumizidwa. Adaona denga, chimbudzi ndi mazenera. Atafika pakhomo adayamba kutsokomola.

Pansi pa mthethe wa pakhomopo pankaima galimoto ya matola, yotsegula kumbuyo, yonyamula anthu. Inkadikira okwera injini ikulira, utsi wakuda ukulowa pazenera la chipinda choyezera ana.

"Makanda azipuma zimenezi?" adafunsa mayiwo. "Pakhomo pano pakhale pa njinga ndi oyenda pansi. Galimoto iziima patali, izizimanso. Ndikadzapeza utsi, sindidzasaina."

Mvula idali pafupi. Ikagwa, dambo lathu limadzaza, ndipo alamu anga, amene mwana wawo adabadwa wochepa thupi, ankalephera kuwoloka kupita naye ku sikelo ya ku Mitundu. Ndidawaonapo akubwerera panjira mwana akulira kumsana.

Za njinga sizidavute. Ndidamanga chisakasa cha mabulugamu pafupi ndi khonde, poti mwini njinga aziiona ali pamzere. Kwathu munthu sasiya njinga pomwe maso ake safika.

Chovuta chidali dalaivala. A komiti onse ankakwera galimoto yake popita kumsika, choncho palibe ankafuna kumuyamba. "Pita iweyo," adatero apampando. "Ndiwe mwana, sangakukwiyire."

Ndidapita chipewa chili m'manja.

"Zikomo achimwene. Ndimati mwina mukamadikira anthu muzizimitsako injini."

Adaseka mpaka kumenya chitseko. "Kondakitala, wamva? Abwana a sikelo alamula!" Kenaka adanditembenukira. "Mphwanga, batire la galimoto iyi lidafa boma lakale lisadachoke. Ndikazimitsa, uidzutsa ndiwe?"

"Ndiziikankha."

"Ndi timikono timeneto?"

"Inde, achimwene."

Adazimitsa pomwepo kuti andione. Galimoto itadzaza, ndidaika phewa kumbuyo. Okwera sadatsike, poti pa matola ukatsika malo ako apita. Amayi ena ali pamwamba pa matumba a chimanga ankangofuula kuti, "Limba, mwanawe!" Abambo angapo adachita manyazi n'kudumpha kudzandithandiza, ndipo injini idalira. Tidatero masiku ochepa, abambo aja adatopa nazo, dalaivala n'kubwerera ku utsi wake.

Kubwerera kwa apampando ndilibe yankho kudandikanika. Ndidamutsatira kondakitala kokagula chimanga chootcha.

"Pepani, nanga m'mawa mumailiza bwanji?"

"Imagona pachulu kwawo kwa adalaivala," adatero akutafuna. "Timangochotsa mwala, yokha n'kutsetsereka."

Pafupi ndi sikelo padalibe chulu, pakuti chomwe chidalipo tidachigumula poumba njerwa. Ndidaganiza zomanga changa. Ndidasankha malo kumunsi kwa msewu, komwe mphepo imapita osati komwe imachokera, n'kuyamba kututa zidutswa za njerwa za pauvuni ndi dothi la kunkhuti pa wilibala yobwereka kutchalitchi. M'manja mudatuluka matuza. Anthu odutsa ankafunsa ngati ndikumanga manda a njovu, ine n'kumangoti, "Ayi, bambo," osaweramuka. Amayi ochokera kumjigo adayamba kundithirirako madzi kuti dothi ligwirane, ndipo tenanti wina wa pa esiteti ya fodya, yemwe mkazi wake adali woyembekezera, adabwera Loweruka ndi chipika chotsindira dothi.

Dalaivala adavomera kuyesa, kwinaku akundiseka. Adakwera chitundacho chambuyo n'kuzimitsa. Kondakitala atachotsa mwala, galimoto idatsetsereka, idatsokomola, n'kuima.

"Chulu chako n'cha nyerere, mphwanga. Bwera ukankhe."

Ndidakankha, madzulo ake n'kubwerera ku wilibala. Ndidachikweza, ndidachitalikitsa. Ulendo wotsatira injini idalira matayala asadafike pamsewu. Dalaivala sadandiyamike. Adangoti mafuta ayamba kukhalitsa, n'kupempha kuti ndimuikire benchi ya okwera pambalipo.

Mayi wa ku boma uja adabwera osatiuza, ndipo adakwera galimoto yomweyo kuchokera ku Nathenje. Ndidawaona akutsika pachitunda injini ili zii, akudzisansa fumbi. Adadutsa pachisakasa pomwe padatsamira njinga, adalowa m'chipinda choyezera ana, n'kuima pazenera nthawi yaitali. Ine ndidawadikira pakhonde.

"Apampando," adatero potuluka, "namwino abwera sabata yamawa." Adasaina chikalatacho atachitsamiritsa pachishalo cha njinga.

Ndisadathe n'kumwetulira komwe, dalaivala adandiitana ndi hutala.

"Mphwanga, mvula ikakokolola chulu chakochi, ine ndibwerera pamthethe. Wamva?"

"Ndamva, achimwene."

Kum'mawa mitambo idali itayamba kale kuda. Ndidatenga khasu n'kupita kudambo kukazula kapinga woti ndibzale m'mbali mwa chitunda.