Mkanjo wa Abusa

Galimoto ya mbendera itaima pa chipata cha tchalitchi chathu ku Bwacha, ine ndinali kuseri, ndikukhoma benchi. Mlembi wa mpingo anabwera akuthamanga.

"Amisiri, akazembe akufuna inu."

"Ine?"

"Inu nomwe. Pukutani m'manja."

Ndinadziwa chimene ankandifunira. Akazembewo anali abusa athu kale, mgodi wa m'tauni yathu usanatsekedwe. Mzungu wa ku Switzerland. Iwo ankaphunzitsa akulu a mpingo Baibulo, ine ndinkawakonzera zitseko. Pobwerera kwawo anandisiyira mkanjo wawo wakuda wolalikirira. Anati ndisunge, adzautenga. Kenako tinamva kuti asiya gome, alowa ndale, akhala nduna, mapeto ake kazembe wa dziko lawo kuno.

Mkanjowo ndinalibe. Bambo anga atamwalira, tinapeza jekete lawo lokhalo litadyedwa ndi njenjete. Munthu woti anayenda wapansi kuchokera ku Dedza, anakumba mgodi, anakhala mkulu wa mpingo, sakanalowa m'manda ndi shati yokha. Ndinapita ndi mkanjo kwa telala. Anaudula, nasoka jekete. Tinawaveka. Nkhaniyo tinkaidziwa awiri basi, ndipo telalayo anafa.

Chovala cha pa gome sichidulidwa. Akulu a mpingo akanamva, akanandiimitsa Mgonero. Pa ukalamba uno.

Ndinalowa m'kachipinda ka akulu. Onse anali atakhala. Akazembe anali atakalamba, ndodo pakati pa miyendo. Chinyanja chawo chinali chakale chomwe chija.

"Amisiri! Mukadali moyo? Chitseko chija munandikonzera sichinaleke kulira."

"Munkachimenyetsa, Abusa."

Anthu anaseka. Ine ayi.

"Mkanjo wanga ulipo?"

Bodza ndinali nalo, loti unadyedwa ndi chiswe. Linakanika kutuluka.

"Uli kumanda. Ndinasoketsa jekete. Bambo anavala."

Mkulu wina, amene timakangana naye kuyambira kale, anavula magalasi.

"Mwati mwadula chiyani, abale?"

Akazembe sanamuyang'ane. Anayang'ana ine.

"Nsalu inakwana?"

"Inatsalako. Telala anasoka ndi tayi."

Akazembe anagwedeza mutu nthawi yaitali.

"Bambo anu ankanditsutsa kalasi iliyonse. Ankati ndimalalikira ngati ndikuwerenga malamulo a boma, bwanji osangopita ku boma komweko. Ndinawamvera." Kenako anatembenukira kwa akulu aja. "Mkanjo unali wanga, anasoka ndi amayi anga, si wa mpingo. Amene anauvala ndikuwadziwa. Pali mlandu?"

Wa magalasi uja anayang'ana pansi. Mlembi anayamba kuthira tiyi m'makapu, akutaya wina patebulo.

"Khalani, amisiri, timwe," anatero akazembe.

Sindinakhale. Chifuwa chinapepuka ngati ndatula matabwa. Ndinawagwira chanza ndi manja awiri, ndinatuluka pakhomo, ndinalowera msewu wa ku Ngungu, wopita kunyumba.