Ova-ova za Ozimitsa Moto

A Mlongoti timagawana nawo mpanda. Dzinalo tinawapatsa chifukwa cha kutalika, komanso zitsulo zomwe anaimika padenga pawo. Moyo wawo wonse akhala akukonza mawailesi olankhulirana, aja timati ova-ova, makamaka a ozimitsa moto. Pano msana unapindika, ndipo akamagwira ntchito amavala mandala awiri mosanjikiza. Akazi awo anatopa n'kudandaula. Tebulo lodyera linasanduka shopu, iwo amadyera pamiyendo.

Chaka chino akuluakulu anasintha matchanelo a ozimitsa moto, anawathinanitsa. Bwana wa ozimitsawo anabwera ndi katoni ya mawailesi akale kuti awaikire manambala atsopano. Ine ndinali kuyanika zovala, makutu satseka.

"Bwana, wailesi izi zimayenda ndi mapazi aatali," anatero a Mlongoti. "Nambala yanuyi ili pakati pa phazi ndi phazi. Ndikailemba, imakatera pambali."

"Pambalipo ndi pomwepo, madala. Ikani yoyandikira, zatsopano zili m'njira."

"Njira yake ndi yaitalitu. Chaka chatha zinali momwemo."

Komatu mzime wa a Mlongoti, mtsikana wamfupi sanatengere bambo ake, ndi wozimitsa moto. Akamalowa muutsi, ndi wailesi zomwezi zimamuuza kuti tuluka, denga likugwa.

A Mlongoti anayatsa chikompyuta chawo chakale, chokhacho chimamvana ndi mawailesi amenewa, chija chimalira ngati chigayo. Anaika nambala yoyandikirayo. Poyesa, akazi awo ali kukhitchini ndi wailesi imodzi, iwo patebulo ndi ina yawo yatsopano yomwe imatera pa nambala yeniyeni, mawu ankamveka bwinobwino. Wina akanatseka katoni. Koma iwo anandikodola pampanda.

"Achemwali, poti mukupita kumsika, tengani iyi. Mukalowe kuseri kwa nyumba zosanja zija, mukamvere."

Ndinaiika m'chikwama pamodzi ndi anyezi woti ndikabweze kwa wogulitsa. Kuseriko ndinamva ngati munthu akulankhula madzi ali m'kamwa, kenaka phokoso lokhalokha. Ndinakuwa ova mpaka ogulitsa makala kundiseka. Nditabwerako sanandifunse n'komwe. Anali atakhala pakhonde, mawu atasasa n'kundiitana.

Madzulo mwana wawo uja anabwera kudzatenga katoni, n'kupeza mabatire onse achotsedwa.

"Bambo, ndiye tizilowa m'moto chimanjamanja?"

"Ukalowa wopanda wailesi umadziwa kuti uli wekha, sutalikira anzako. Iyi ikakunamiza kuti akukumva."

"Bwana akwiya. Mukudziwa kuti ntchito yanu yonse ndi ife."

"Akwiye. Ndatopa, mwanawe. Sindingakupatse ndi manja angawa."

Bwanayo anakwiyadi. Anatumiza galimoto kudzatenga katoni, n'kupita nayo kwa wokonza wina, yemwe anaika yoyandikirayo osafunsa. Kuyambira pamenepo palibe wailesi ya ozimitsa moto yomwe yalowa pageti pawo.

Mtsikanayo amainyamula wailesiyo, poti ndi lamulo la kuntchito. Koma mayi ake anandinong'oneza kuti masiku ano akalowa muutsi sapita poti dzanja lake silingakhudze mnzake, ndipo waphunzitsanso anzake a gulu lake kutero. Mwini wake sanawauze bambo ake, onsewo ndi ouma mutu.

A Mlongoti pano amakonza mafani ndi maketulo. Galimoto ya ozimitsa moto ikadutsa ikulira, amaika pansi chomwe agwira, n'kukaima pageti mpaka itabwerera.