Bwato la Alufandika

Aliyense amene anaolokapo pa Chia m'zaka zija nkhondo yachiwiri ya azungu itangotha akuwakumbukira Alufandika: bambo wamfupi, wadazi, wa chikhoti chausilikali chimene sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo, chonsecho kunkhondoko sanapondeko. Ntchito yawo inali yoolotsa anthu pa bwato, pamalo pamene madzi a Chia amatulukira kukalowa m'nyanja yaikulu. Iwo sankakonda zolankhula. Ntchito imeneyo ankawagwirira amayi ogulitsa usipa padooko, ndipo nkhani yawo inali imodzimodzi, ya bwatolo.

Kale mudzi wa Alufandika unali tsidya la kumpoto, mbali ya ku Boma. Chaka chimene nyanja inakwera n'kumiza minda ya mpunga, mbumba yonse inasamukira tsidya la kumwera, n'kusiya mitengo ya mango, zipupa zogumuka ndi manda. Pofuna bwato latsopano, Alufandika anakumbukira mbawa ina yonenepa imene inaima m'mphepete mwa mandawo. Anaigwetsa, anaisema. Mpaka ukalamba wawo ankalumbira kuti mtengowo unali kunja kwa manda. Amayi a usipa ankavomera kuti thunthu linalidi kunja, koma ankafunsa kuti kodi mizu inkadya chiyani.

Masiku wamba bwatolo linalibe chifukwa. Koma kumudzi watsopano kukangolira ng'oma, kaya ya chinamwali kaya ya chioda, linkasintha. Likamachoka kumwera linkapepuka ngati khoko la nthochi. Likamachoka kumpoto, kumene kunali manda, linkamira pang'onopang'ono lisanachoke n'komwe padooko, ngati anthu akukwera mmodzimmodzi, aliyense kudikira kuti mnzake akhazikike. M'kati munkamveka fungo la dothi lofukula kumene. Tsiku lina, dzuwa lili paliwombo, anakweza mlaliki mmodzi ndi mbuzi yake basi, koma madzi anafika pamlomo pa bwato. Mbuzi inakana kuyang'ana kumbuyo. Mlaliki anayang'ana, sanaone kanthu, ndipo kuyambira pamenepo ankazungulira ulendo wautali wapansi, akumati ndi wabwino pa miyendo.

Alufandika nkhaniyi sankaikana, sankaivomeranso. Ankangoti, "Anthu amakonda gule."

Tsono kunyumba kwawo kunali Mariamu, mwana wa mlongo wawo Nankhoma. Mayiyo anamwalira mudzi usanasamuke, mwana akukwawa, ndipo anagona m'manda a kumpoto aja. Alufandika ndi akazi awo ndi amene anamulera. Mtsikanayu atakula anamufunsira Lazaro, kalaliki wa ku Boma, mnyamata waulemu amene ankanyamula nsapato m'manja mpaka pafupi ndi pamene pali anthu oti azione. Za kutchalitchi zinatha bwino. Chinatsala ndi phwando, ndipo mwambo unali wodziwika: phwando n'kwawo kwa mkazi. Ndiye kuti abale onse a mwamuna, akazi, makanda, nkhalamba, anayenera kuoloka kuchokera kumpoto, ng'oma zikulira kumwera, m'bwato lomwe lija.

Nkhoswe ya kuchimuna inali a Filipo, amene anagwirapo ntchito yophikira mzungu ndipo sankalola kuti munthu aiwale zimenezo. Anabwera atakonza kale zonse m'mutu.

"Asewere, nkhani yake ndi yosavuta," anatero a Filipo. "Ndalankhula ndi mmwenye, lole yake idzatitula padooko. Inu mudzatiolotsa. Kapena bwato lanu lakalamba ngati mwini wake?"

"Phwando lidzakhala tsidya lanu lomwelo," anayankha Alufandika. "Pabwinja pathu pakale, pansi pa mango."

A Filipo anaseka, kenako anaona kuti akuseka okha.

"Pabwinja? Pafupi ndi manda? Kodi tikukwatitsa kapena tikuika maliro?"

"Alendo ambiri ali tsidya limenelo. Aziyenda pansi."

"Ife sitichuluka chotero, asewere."

"Sindikunena inu nokha."

A Filipo anakanda m'khosi, n'kupempha madzi akumwa, ndipo atawapatsa anayamba awayang'ana kaye m'chikhomo.

Nkhaniyo inafika padooko a Filipo asanafike kwawo. Ena ankati mkuluyu waumira nkhuku zake. Ena ankati chikhoti chija chamuphika ubongo. Akazi awo anawadandaulira kuti miphika ya thobwa ndi mpunga idzaoloka bwanji, iwo n'kuti miphika simira ikamapita kumpoto. Koma amene anawavuta kwenikweni anali Mariamu, amene anawapeza akumata phula pa bwato.

"Atsibweni, anzanga akundiseka. Akuti ndikavinira akufa. Kodi ndinakulakwirani chiyani?"

Alufandika anapitiriza kumata. Iwo ankadziwa chinthu chimene mwanayo sankachiganizira: kuti ng'oma za anthu wamba zinkadzaza bwato, nanga ng'oma za mwana wa Nankhoma? Manda onse akanadzuka. Ndipo pakati pa madzi paja, pamene ng'ona zimaothera dzuwa pa bango, pakanakhala apongozi a mwanayu ndi makanda kumbuyo.

"Mayi ako sanakuonepo ukuyenda," anatero. "Ukufuna achite kulimbirana malo ndi azilamu ako m'bwato?"

 Mariamu anafunsa ngati pabwinjapo udzu unali wautali, chifukwa diresi lake linali lobwereka.

Analambula pabwinja. Kutatsala tsiku limodzi Alufandika anapita okha m'mphepete mwa manda, masana, atavula chikhoti, chinthu chimene anthu sanachionepo. Mayi wina wotola nkhuni akuti anawamva akulankhula ngati munthu wouza anzake za msonkhano: "Mawa ndi pompano. Palibe chokwerera bwato. Mukatha kuonerera, aliyense kwawo."

Tsiku la phwando a kumwera anaoloka m'mawa, bwato likuuluka pamadzi ngakhale linadzaza miphika, ng'oma ndi azakhali onenepa. Lole ya mmwenye inatula a ku Boma pamsewu, iwo n'kuyenda pansi, Lazaro n'kuvalira nsapato zake kuseri kwa chulu. Mpunga unadyedwa, chioda chinavinidwa.

Koma amene analipo amanena zinthu zina motsitsa mawu. Akuti pansi pa mango wamkulu, mbali ya kumanda, panali mthunzi wabwino kuposa ponse, koma palibe anakhalapo. Munthu ankapita ndi mphasa yake, n'kuima, n'kubwerera ngati wapeza podzaza. Akuti amayi akaimba nthungululu n'kuleka, inkapitirira pang'ono kumbali imeneyo, yopyapyala, ngati ya anthu opanda mano. Mtsuko wa thobwa umene Alufandika anaika pamenepo palibe anaukhudza, koma pouchotsa unali wouma. A Filipo anati ndi dzuwa. Anatero atakhala kumbali inayo, pakati penipeni pa anthu.

Ng'oma zitaleka, dzuwa likadali m'mwamba, inakwana nthawi imene Alufandika ankaiopa: kubwerera. Ulendo uliwonse tsopano unali wochokera kumpoto. Anayamba ndi miphika yokha. Bwato linapepuka. Anatenga nkhalamba, linapepuka. Anatenga azakhali, linalemera monga mmene azakhali amalemerera, osaposa. Anthu a kumanda anali atamvera.

Omaliza anali akwati, poti Lazaro ankakalowa chikamwini kumwera. Mariamu anakhala pakati atakwinya diresi, Lazaro kutsogolo atakumbatira nsapato. Alufandika anagwira nkhafi kuti akankhe.

Bwato linapendekeka pang'ono, kamodzi kokha, mbali imene kunali Mariamu. Silinamire. Linangotsika monga limatsikira akakwera munthu wochepa thupi, wozolowera mabwato. Fungo la dothi linadutsa. Mpango wa kumutu kwa mkwatibwi, umene unali utapotoka povina, unawongoka bwinobwino, mphepo kulibe.

Lazaro anatembenuka. "Atsibweni, chachitika n'chiyani?"

"Yang'ana kutsogolo, mkamwini. Gwira nsapato zako."

Mariamu sanatembenuke. Anangosendera pang'ono, kusiya malo pambali pake.

Alufandika anayang'ana madzi. Anali kutali ndi mlomo wa bwato, moti likanatha kunyamula anthu anayi bwinobwino. Anapukuta dazi lawo, n'kunena motsitsa mawu, monga ankanenera kwa mlongo wawo kalekale akamapita kukazula mpunga:

"Khalani pakati, achemwali, musatigwetse."

Bwato linawongoka, iwo n'kupalasa.