Malire Amene Anafufuma

Ndili ku yunivesite, aphunzitsi a masamu anajambula munda pa chubu cha njinga n'kuyamba kuchikoka. Anati pali nambala yotchedwa Jakobiyani, imene imanena mmene kachigawo kalikonse katambasukira. Kenako anatichenjeza kuti pali makokedwe ena osang'amba chubucho, koma kamzere kopanda m'lifupi kamafufuma n'kudya malo, nambalayo osawaona malowo. Ine ndinaseka, ndimvekere zam'mabuku izi.

Chaka chatha ndinakwera kwathu ku Ntchisi kukaona munda wa malemu mayi. Papepala, malire athu ndi amalume ndi kamzere ka bolopeni basi. Kumundako ndinapeza tchire loti ngolo ziwiri zingapatukirane. Chiyambanire mayi ndi amalume, anthu amati pamalirepo panakwiriridwa mankhwala, ndiye dzinja lililonse mbali zonse ziwiri zimabweza khasu m'mbuyo phazi limodzi. Palibe anaba munda wa mnzake, koma minda yonse ikutha.

Zinandikwiyitsa, ndinanyamula phazi kuti ndidutse. Amalume, amene ankandiyang'ana kutsidyako osandilonjera, anangoti, "Iwe, mayi ako anapondapo."

Phazi lija ndinalibweza.