Chikuta cha Njerwa Zamipata

Ananditumiza ku Mchinji ndili mtsikana wouma mutu, satifiketi ya uzamba isanagwire n'komwe fumbi. Kwathu ndi ku Mulanje, ndiye nditatsika basi pa Boma n'kukwera lole yopita cha ku Dambe, ndinkangodandaula mumtima kuti andiponya kutali. Koma chipinda cha amayi chimene ndinakapeza pa kachipatala kathu chinandigwira mtima tsiku lomwelo.

Chinali chatsopano, chosafanana ndi nyumba za atsamunda za pa Boma zija. Denga lake la malata linatsetserekera mbali imodzi, ndipo pansi pake anasiya mpata wautali woti kutentha kuzitulukirapo, kuwala kuzilowerapo. Khonde linazungulira mbali zonse, lotakasuka, moti dzuwa la masana silinkakhudza khoma. Khoma lakum'mawa anayala njerwa zootcha motalikirana, kusiya timipata ngati chisa cha njuchi, ndipo njerwazo anaumba ndi anthu a m'midzi yomweyo. Mu Okutobala, malata a kunyumba kwanga akuthetheka, m'chipindamo munkangoti ziziri. Ndinkachikonda, sindibisa. Mlendo aliyense ndinkamuzungulitsa ngati ndinamanga ndine.

Eni dera sankaona choncho. Ankachitcha chigafa, amvekere, "Kodi ife ndife fodya?" Amuna ankaseka, koma kwa amayi sinali nkhani yoseketsa. Mayi akachira amayenera kubindikira m'chikuta ndi khanda lake, osaonedwa ndi maso a anthu wamba, osawombedwa ndi mphepo, mpaka mchombo utagwa. Nanga chikuta chanji choti wodutsa panjira akhoza kusuzumiramo? Kusikelo ankabwera, khonde kuchita kudzaza, koma tsiku likakwana ankachirira kumudzi. Mabedi anga ankangokhala choyala, ine ndikukukuta mano.

Amene ankandidetsa nkhawa kwambiri anali mayi wina wamng'ono, wamfupi, wosayankhulayankhula. Kawiri konse anachirira kumudzi, ndipo makanda onsewo sanalire. Mimba iyi inali yachitatu. Nditamupima ndinadziwa kuti akachiriranso kumudzi tidzaika munthu, mwinanso awiri. Ndinamuuza mosapsatira. Iye anangoyang'ana pansi, n'kunena kuti mawu ali ndi mayi ake omubala.

Mayi akewo anafika akuchokera ku msonkhano, nsalu ya chipani ili m'chiuno. Anazungulira chipinda chonse, kenaka anapisa dzanja pa kampata kena mpaka m'chigongono.

"A nesi, mwana wangayu ndikufuna achire bwino kuposa mmene mukufunira inuyo. Koma muno ayi. Mwera ukayamba, khandalo mulifunditsa chiyani?"

Ndinapsa mtima. Ndinayamba kuwalalikira za ubwino wa mpweya monga tinaphunzirira kusukulu, mawu ali pamwamba. Iwo anandisiya mpaka malovu anandiuma.

"Mwatha? Tiloleni timate."

Masiku amenewo kupaka dothi nyumba ya boma sanali masewera. Munthu ankatha kukakunenera kwa apampando a chipani kuti ukunyoza chitukuko, ndipo ukapita kukayankha sunkadziwa tsiku lobwerera. Mantha ndinachita ndithu. Koma ndikayang'ana mimba ija, mantha enawo ankaposa. Ndinati matani, koma pa bedi la pakona pokha.

Anabwera ndi anzawo atasenza madengu a dothi la pachulu. Anamata timipata tam'munsi kulekeza m'mutu mwa munthu woimirira, anazira ndi dothi lakuda la kudambo, n'kupachika mphasa pakati pa bedilo ndi mabedi ena.

Posakhalitsa kunatulukira galimoto ya boma, ndipo munatsika amene anajambula pulani ya chipindacho. Anali bambo wachinyamata, Mmalawi mnzathu, wa tayi, pensulo ili kukhutu. Ndinamuchingamira nditakonzeka kale kukangana naye. Iye anaima pa khoma lomata lija nthawi yaitali, akulisisita ndi chikhatho.

"Wazira apa ndani, sisitala? Dzanja lake n'labwino."

Ndinamufotokozera za chikuta ndi za mayi uja. Anamvetsera osandidula. Anati khonde lija analitengera pa nyumba imene anakuliramo kwawo, ndipo akanadabwa anthu akanapanda kuikapo manja awo.

"Pempho langa ndi limodzi," anatero. "Timipata tam'mwambato musatseke, nyumbayi imapumira pomwepo. Tam'munsiti muzimata mwera ukayamba. Kukatentha, mwini bedi akafuna, abowole yekha ndi kamtengo."

Ndagwira ntchito m'zipatala zambiri chichokere kumeneko, zina zazikulu zamagalasi, koma sindinaonenso nyumba yolola eni ake kuipinda momwe akufunira, iyo osawonongeka. Bambo ameneyo ndimamulemekeza mpaka lero.

Mayi woyembekezera uja, mayi ake anabwera naye pa ngolo mu Julayi, dzuwa lili paliwombo, mwera ukuwomba moti fumbi linali koboo pabwalo. Matenda anakula, ndipo anavutika mpaka dzuwa kupendeka. Khanda linatuluka chingwe cha mchombo chitakulunga pakhosi, lili zii, thupi lonse lotuwa. Magetsi tinalibe, koma kuwala kochokera pa mpata wa pansi pa denga kunagwera pabedi pomwepo, ndipo ndinkaona chilichonse chimene manja anga ankachita. Ndinamasula chingwecho, ndinalipukuta kukamwa, ndinalisisita pamsana, ndinaliuzira mpweya. Agogo a khandalo anali atagwada pakona, osalira, maso ali pa ine. Ndinauziranso. Kamunthu kaja kanayetsemula, kenaka kanalira kulira kwaukali, ndipo nanenso misozi inatsika, ine wouma mutu uja.

Mayi uja ndi khanda lake anakhala kuseri kwa mphasa mpaka mchombo unagwa. M'mawa wotuluka, agogo aja anatsogola ndi katundu pamutu, anzawo akululutira pabwalo. Mwana wawo uja anafika pakhomo khanda lili m'manja, n'kuima, osaponda pakhonde. Ndinathamangira kukamugwira mkono, ndinafunsa ngati akumva chizungulire.

"Ayi, a nesi," anayankha motsitsa mawu. "Kungoti sindidziwa mmene amatulukira atanyamula mwana."