Kwinini ndi Manda a Azungu

Ndikukumbukira chaka chimene malungo anandigwira koopsa, ndili sitandade fili kwathu ku Machinga. Thupi linkatentha ngati mbaula koma mano ankagundana ndi kuzizidwa. Mayi anga ataona kuti maso ayamba kutembenuka, anathamangira kwa mchimwene wawo, a malume Saidi, omwe anali ndi njinga. Iwo anandimangirira ndi chitenje kumsana kwawo n'kupalasa mpaka ku chipatala cha mishoni.

Kumeneko anandipatsa kwinini. Ndinamulavula kawiri. Kuwawa kwake kunkafika mpaka m'makutu, ndipo ndinauza a malume kuti mankhwala amenewa ndi a azungu, ife magazi athu ndi ofooka, sangatigwire ntchito. Umu ndi mmene ana tinkauzirana kusukulu: mzungu sadwala, mzungu safa msanga, anabadwa ndi magazi ena.

A malume ananditsina mphuno, ndinameza.

Tsiku lotuluka, m'malo molunjika kumudzi, anakhotetsa njinga kuseri kwa tchalitchi. Kunali manda akale a azungu, miyala yake yopendekeka, udzu utamera paliponse. Ine m'makutu munkangolirabe, ndipo ndinkangofuna kwa mayi.

A malume ananditchula dzina nati, "Asiyatu, umatha kuwerenga. Werenga zaka zawo anthuwa."

Ndinapukuta ndere ndi chala. Mayina anandikanika, koma manambala ndinawatha. Ambiri anali asanafike ngakhale msinkhu wa mayi anga.

"Anawapha ndani, a malume?"

"Udzudzu womwe wakuluma iwe. Oyambawo ankabwera n'kumagwa ngati nkhuku za chitopa. Obwera pambuyo anaphunzira kumwa chowawacho tsiku ndi tsiku, n'kusiya kufa. Atasiya kufa anabweretsa sitima yokwera mtsinje wa Shire, kenaka mfuti yosapumira. Agogo athu anali ndi mfuti ya gogodela, yoti uthire wonga mnzako atawombera kale kambirimbiri. Dziko linapita choncho."

Ndinafunsa ngati kwinini ndi woipa tsono. Anaseka pang'ono n'kunena kuti akanakhala woipa bwenzi ine ndili m'manda ngati amenewa. Njira yonse yobwerera mutu wanga sunakhazikike. Chimene chinandichiritsa ndi chimenenso chinatsegulira khomo otilanda dziko, ndipo ndinkalephera kuziika ziwirizi pamodzi.

Lero ndimagwira ntchito m'nyumba ya anthu ku Al Waab, kuno ku Doha. Chilimwe cha kuno chimawotcha moti makina oziziritsa nyumba akangozima, madamu ndi ine timatuluka thukuta limodzimodzi, iwo akukuwa "yala, yala" pafoni kuti okonza afulumire. Zitseko zimatseguka zokha, sitima imayenda yopanda woyendetsa, makamera ali pakona iliyonse. Atsikana anzanga ongofika kumene amachita mantha, amayankhula motsitsa ngati alowa m'nyumba ya mizimu. Inenso mtima sukhala m'malo, ndimangoyendayenda, kuganiza za ana anga kumudzi ndi kontrakiti yomwe sindidziwa ngati adzaiwonjezera.

Koma mantha oti anthu awa ndi a mtundu wina woposa ife ndilibe. Amene anatilamulira sanatipose magazi kapena kulimba mtima, anatiposa zimene ananyamula m'manja. Ndikamakolopa pansi ndimawerama chifukwa ndi ntchito, ndipo ndikamaliza ndimaweramuka n'kuwayang'ana madamu m'maso.